Ngalande ya Mkamwini

"Ndati masabata awiri, olamu. Awiri okha basi. Kumeta tameta, misozi tapukuta. Chatsala n'chiyani choti muzikhalirabe pano?"

A Maynard ankalankhula ali chiimire, chipewa chili kumutu, pakhonde la nyumba ya eni. A Gracian, amene mawuwo ankawagwera, anali pakampando kawo akusema mpini wa khasu, ndipo sanadzutse nkhope. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungane, ankasinja pafupi ndi nkhokwe. Atamva za masabata awiriwo anasiya munsi uli chiimire mumtondo.

"Omalume," anatero Tisungane, "dothi la pamanda a omayi silinaume n'komwe."

"Iwe khala chete, ndikulankhula ndi bambo ako. Amene adawabweretsa pamudzi pano ndi mlongo wanga Selestina, ndipo Selestina wapita. Mwambo umati chiyani? Mkazi akamwalira, mkamwini timamusudzula, n'kumuperekeza kwawo mwaulemu. Kodi ndayambitsa ndine?"

"Kwawo kwake kuti?"

"Limenelo ufunse eni akewo. Munthu aliyense ali nako kumene kudagwera mchombo wake."

A Gracian anaika mpini uja pamiyendo. Anali munthu wamfupi, wamawu apansipansi, amene ngakhale poitana ng'ombe ankakhala ngati akuzipepesa.

"Olamu, kumene kudagwera mchombo wanga mukukudziwa. Asilikali adatentha mudzi wonse chaka cha 1987. Abale anga ndidawasiya ali gone pabwalo. Ndidadutsa msewu uwo ndi bulangete limodzi, ndipo amene adanditsegulira chitseko ndi bambo anu omwe."

"Bambo anga adatsegulira othawa nkhondo. Nkhondoyo idatha kalekale, anzanu onse adakwera magalimoto kubwerera ku Mozambique. Mlendo ndi mame, olamu, dzuwa likatuluka amakamuka. Inu dzuwa lafika paliwombo mukadali paudzu."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi mame?" Tisungane anafunsa.

"Ukandiyankhanso, uona," anatero a Maynard, n'kutembenuka kumapita akukankha nkhuku ndi nsapato.

Tisanamizane, nkhani sinali mwambo. Mwambowo unangobwerekedwa ngati jekete la paukwati. Pamudzi womwewo panali akamwini awiri amene akazi awo anatisiya kalekale, koma palibe anawalozerapo msewu, chifukwa analibe kanthu koti munthu n'kusirira. A Maynard anakhala ku Joni zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osatumiza ngakhale moni. Anatulukira mu Epulo, mlongo wawo ali kale pamphasa akudwala, atanyamula chikwama chimodzi ndi chipsera cha moto chochoka pakhutu kufika paphewa. Eni dziko kumeneko anawatenthera kagolosale kawo n'kuwathamangitsa. Anthu anawamvera chisoni, ndipo kunali koyenera. Koma atangopuma pang'ono, maso awo anagwera kumunsi kwa mudzi, kumene kunali dimba la mlongo wawo.

Ku Biriwiri malire a dziko ndi msewu wa tala. Ukaima mbali ino uli ku Malawi, ukadumpha uli ku Mozambique, ndipo mbuzi zimadya maiko awiri tsiku limodzi popanda wozifunsa chiphaso. Mwezi wa Julayi mapiri onse amakhala ali mbuu, koma dimba lija linkakhala lili biriwiri ngati dzina la dera lomwelo. Chinsinsi chake chinali ngalande. Inkachokera pakasupe wa kuphiri la tsidya lija, n'kutsika mokhotakhota m'minda ya anthu a kumeneko, n'kulowa m'paipi ya pansi pa msewu, n'kudzatulukira m'dimbamo. Anaikumba ndi a Gracian nkhondo itangotha, pamodzi ndi anthu a tsidyalo. M'mphepete mwake anabzalamo mitengo ya mapichesi. Akulu ankawachenjeza kuti mkamwini sabzala mitengo, chifukwa mtengo umakhalitsa kuposa ukwati. Iwo ankangoseka, n'kunena kuti ana adzadya.

Madzulo a tsiku lomwelo Tisungane anamupeza mwamuna wake Geoffrey akumanga khola la nkhumba. Geoffrey kwawo kunali ku Manjawira, ndipo pamudzipo nayenso anali mkamwini.

"Mwamva zimene anena omalume, inu mwangoti duu?"

"Ndilankhule ngati ndani? Kwa eni kulibe mkuwe, mayi a ana. Ine ndikatsegula pakamwa, masabata awiriwo akhala athu tonse ndi opongozi."

"Ndiye tingoonerera?"

"Iwe ndiwe mwini mudzi, magazi ako ndi apano. Dimbalo mwa mwambo womwewo ndi lako, poti linali la mayi ako. Ngati pali woti alankhule ndi iwe."

Mawa lake Tisungane anadzimangirira chitenje n'kupita kwa amalume ake. Anawapeza akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba, atafunda jekete lachikopa limene linali chuma chokhacho chochokera ku Joni. Anagwada potero.

"Omalume, ndabwera ndi pempho. Obaba akalamba. Tsidya lija alibe munthu, alibe munda. Asiyeni afere pano pafupi ndi ine."

"Ukuona ichi?" A Maynard analoza chipsera chija. "Anandiotcha ndi anthu amene ndinkawapatsa buledi ana awo akagona ndi njala. Zaka zonse zija ndinkati ndine mnzawo. Tsiku limodzi lokha ndidasanduka kwerekwere, dzina lawo lonyozera mlendo. Ndidathawa ndi malaya akuyaka."

"Ndiye kuwawa kwake mukukudziwa, omalume. Mukufuniranji kuti obaba akumve?"

"Chimene ndidaphunzira n'chakuti munthu ndi kwawo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Ine ndabwerera kwathu, ndapeza mlendo akudya mapichesi padothi la mayi anga, ine mwini ndikupempha ndiwo. Zimenezo ndiye zoona?"

"Dimba likhoza kugawidwa. Obaba sangakane."

"Nkhalamba ikakhalapo, aliyense aziti dimba la a Gracian, ngalande ya a Gracian. Ndimve zimenezo mpaka liti? Tamvera, Tisungane. Mwini mbumba pano ndine. Ana ako akadzafuna ukwati, nkhoswe ndine. Pakhomo pako pakadzagwa zovuta, woyendetsa maliro ndine. Bambo ako sangakuchitire zimenezo, si mtundu wako. Usankhe bwino pogona mutu wako."

Tisungane anabwerera kunyumba kwake. Ankawakonda bambo ake, zimenezo palibe angatsutse. Koma ankaopanso kukhala munthu wopanda mbumba, wodutsidwa panjira popanda moni, wolira maliro yekha. Anadziuza kuti amalume ake ndi mkwiyo chabe, uphwa. Masiku anayamba kutha, mkwiyo wosaphwa, iyenso osanenanso kanthu.

Kutatsala masiku awiri, a Gracian anamuitana kudimba. Anali atapinda buluku, ali m'ngalande akuchotsa zinyalala ndi manja.

"Mwana wanga, bwera uone. Madzi awa sabwera okha. Loweruka loyamba la Ogasiti, aliyense amene amamwa ngalande iyi amapita kukasupe ndi khasu. Timayambira kumtunda, kuchotsa matope mpaka pamsewu. Banja lililonse limatumiza mwamuna mmodzi ndi mtsuko wa thobwa. Wosabwera tsiku limenelo, chigawo chake cha madzi amagawana anzake mpaka chaka chamawa. Tidapangana choncho ndi a Chrispine a kutsidya ndi anzawo tsiku limene tidayamba kukumba. Mbali ino amene ndimapita ndine ndekha. Uwauze omalume ako, asadzaphonye."

"Obaba, mukuganiza za madzi pamene akukuthamangitsani?"

"Nanga adzukulu anga adzadya chiyani? Iwo sadalakwe."

Tsiku losudzula linafika ndi mphepo ya mwera. Anthu anakhala pabwalo la nyumba atafunda zitenje ndi mabulangete. A Maynard analankhula nthawi yaitali, mawu okoma ngati a m'tchalitchi. Anathokoza alamu awo posunga bwino mlongo wawo, n'kunena kuti tsopano ndi mfulu, akhoza kupita kwawo, ngakhale kukakwatira kumene ngati mphamvu zilipo. Ena anaseka, ambiri anayang'ana pansi. Kenako anatulutsa nkhuku yomangidwa miyendo ndi kansengwa ka ufa, kamba wa paulendo amene banjalo limapatsa munthu womasulidwa.

"Apereke ndi mwana wa malemu," anatero a Maynard. "Tisungane, dzuka."

Akanatha kukana. Mpaka lero amadziwa kuti akanatha kukana. Anayang'ana Geoffrey, Geoffrey anayang'ana zala zake za kumapazi. Anayang'ana azakhali ndi amayi ake aang'ono, onse nkhope zili kumbali. Anadzuka, natenga nkhuku ija. Inali yofunda, mtima wake ukugunda m'manja mwake. Anagwada pamaso pa bambo ake n'kuipereka, misozi ikugwera mu ufa.

"Zikomo, mayi," anatero a Gracian, polandira ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa a Maynard. "Olamu, mawu amodzi okha. Loweruka likubwerali ndi tsiku la ngalande. Mupite ndi khasu, kapena mutume Geoffrey."

"Ine ndikagwire ganyu kwa Apwitikizi? Madzi ndi a Mulungu, olamu, amatsika okha. Ndipo Geoffrey ali ndi ntchito, tikubzala kachewere dimba lonse. Inu za pano zisiyeni, mwamasuka."

A Gracian sanatenge mbale kapena mpando. Anakulunga bulangete, nkhuku kukhwapa, ufa m'kathumba. Khasu la mpini watsopano lija analitsamiritsa pakhomo la Tisungane. Anaima pamphepete pa tala kudikira lole ya matabwa idutse, kenako anawoloka pang'onopang'ono osacheuka.

Sabata yomweyo a Maynard analowa m'dimba ndi nkhwangwa. Anati mapichesi akutchinga dzuwa, koma aliyense ankadziwa kuti chimene chinkawatchinga ndi dzina la amene anawabzala. Mitengo inali itayamba kumene maluwa. Anagwetsa yonse kupatula umodzi wa pakona, ndipo umenewo unapulumuka chifukwa manja a ku Joni anatuluka matuza. Loweruka linafika, iwo ali kalikiliki kubzalitsa kachewere. Tisungane anawakumbutsa za ngalande m'mawa, iwo anamufunsa ngati tsopano mwini mbumba ndi iye. Kukasupe sikunapite munthu.

Lachitatu madzi anachepa. Lachisanu m'paipi munkangotuluka kamkodzo. Sabata yotsatira achule anasamuka, matope a m'ngalande anang'ambika, ndipo kachewere amene anali atangotulutsa mitu anayamba kuweramira pansi. A Maynard anasuzumira m'paipi, anaisokosa ndi nsungwi, anatukwana m'zilankhulo zitatu, koma madzi samva Chizulu.

"Tiye kutsidya," a Maynard anamuuza Tisungane. "Iwe ukuwadziwa anthu amenewa. Akaone kuti sakusewera ndi mwana."

Tisungane anavomera msanga, osati chifukwa cha kachewere. Masabata awiri anali atatha osamva za bambo ake, ndipo manyazi ndi amene ankamuletsa kuwoloka. Anakwera phiri motsata ngalande youma mpaka pamene anapeza mgula wa miyala ndi zibuma utatseka njira ya madzi olowera ku Malawi. Chapafupi, mkulu wina wa imvi ankathirira kabichi. Anali a Chrispine.

"Ndani watseka apa?" a Maynard anafunsa, moni osapereka.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero a Chrispine modekha. "Tatseka ndife, eni makasu amene adagwira ntchito Loweruka lija. Inu ndinu ndani?"

"Ndine mwini dimba la kumunsi."

"Ooh, ndinu amene mudabwera kuchokera ku Joni. Pepani ndi zimene zidakuonekerani kumeneko, tidamva. Koma ngalande iyi, bambo, imadya thukuta. Tidakudikirani mpaka dzuwa kupendeka."

"Madzi ndi a Mulungu!"

"Kasupe ndi wa Mulungu. Ngalande ndi ya anthu. Pitani kukasupe ndi ndowa, palibe akuletseni."

A Maynard anayamba kukalipa za boma ndi za malamulo, koma mawu awo ankamveka opepuka paphiri la eni. Anyamata atatu amene ankalima chapatali anaimika makasu n'kumawayang'ana, ndipo a Maynard anatsitsa mawu okha. Maso oterowo anali atawaonapo kale kwina.

"Obaba ali kuti?" Tisungane anafunsa.

A Chrispine anaika pansi chothirira. "Ndiwe Tisungane? Mwana wanga, bambo ako adabwera Loweruka lija. Adabwereka khasu langa. Adalowa m'madzi m'mamawa, chisanu chija, mpaka madzulo, nkhalamba kugwira ngati mnyamata. Pomaliza adapempha kuti thukuta lawo liwerengedwe ku dimba la mwana wawo. Ine ndidavomera. Koma ife amene tidakumba nawo tatha, tatsala awiri. Achinyamatawa adati pangano limanena banja la dimba, ndipo munthu wosudzulidwa alibe dimba, alibe banja. Adatinso madzi akuchepa chaka ndi chaka, sangamapatse Amalawi amene sabwera n'komwe. Adatiposa mawu."

"Koma obaba kwawo ndi kuno."

"Kuno amawatchula kuti Mmalawi uja. Amene ankadziwa makolo awo adapita ndi nkhondo. Pamene padali mudzi wawo pali munda wa munthu wochokera kutali. Ine ndemwe pano ndine mkamwini, nyumba si yanga. Chimene ndidakwanitsa ndi chisakasa icho."

Chinali chisakasa chosungiramo kachewere, chamapesi, mphepo ikulowa mbali zonse. A Gracian anali gone pamatumba, atafunda bulangete lija. Ankapuma mofulumira, ndipo akatsokomola ankagwira nthiti. Chibayo chinawagwira kuyambira tsiku la ngalande. Tisungane anagwada n'kuwagwira pamphumi, panali potentha ngati mbaula. A Maynard anaima panja, sanalowe.

"Obaba, tiyeni kwathu. Ndikuberekani ndekha."

"Madzi afika?" anafunsa a Gracian.

"Za madzi zisiyeni. Tiyeni."

"Mwana wanga, nkhuku ija tidadya ndi a Chrispine. Wosudzulidwa salowa pamudzi ngati mbuzi yosokera. Amene adandimasula ndi amene angandiitane. Ndikalowa ndekha, mawa adzati iwe waphwanya mudzi, udzavutika ndi ana."

Tisungane anatuluka n'kugwada pafumbi pamaso pa amalume ake, anthu a tsidyalo akuona.

"Omalume, mawu amodzi okha. Ingonenani kuti olamu bwererani. Tikawagoneke m'nyumba, mawa tipite nawo kuchipatala."

A Maynard anayang'ana chisakasa, anayang'ana anyamata aja. Kwa kanthawi nkhope yawo inafewa, dzanja linapita pachipsera. Mwina anakumbuka kumene iwo anagona atathawa moto. Koma kunyada ndi matenda oposa chibayo.

"Ndidalankhula pamaso pa mudzi wonse. Ndikabweza malovu lero, mawa andimvera ndani? Ndipo madziwo abwera akabwerera? Wamva wekha, atseka mpaka chaka chamawa. Dzuka, tizipita."

Tisungane anasiyira bambo ake mpango wake n'kulonjeza kuti abweranso ndi ngolo, amalume afune asafune. Atafika kunyumba anauza Geoffrey. Geoffrey anati ngolo ya mnansi yapita ku Mlangeni ndi kabichi, ibwera mawa. Mawa lake ng'ombe zinali zotopa. Tisungane anaphika phala n'kuwolokanso, anawamwetsa masupuni atatu, nawauza kuti mawa ndithu. Akanatha kuitana amayi anzake anayi n'kuwanyamula pamachira, koma ankafunabe njira yoti bambo ake abwere popanda amalume kupsa mtima kwambiri. Pakadafunda padajiwitsa galu.

M'mawa wa tsiku lachitatu ngolo inabweradi, koma inachokera kutsidya. A Chrispine ankayenda patsogolo pa ng'ombe, chipewa chili m'manja. Inaima pamphepete pa tala, mbali ya ku Mozambique. M'ngolomo munali bulangete lija, litakulungidwa ndi kumangidwa ndi luzi kumutu ndi kumiyendo.

Kulira kwa Tisungane kunatulutsa mudzi wonse. Anthu anadzaza mbali ino ya msewu. A Maynard anafika akumanga mabatani a jekete.

"Pepani, eni mbumba," anatero a Chrispine mokweza, kuti mawu awoloke. "Mnzanga watisiya m'bandakucha. Ndapita kwa eni manda kwathu kuno, akuti samudziwa, alibe mbale wogona kumeneko, akagone kumene kuli mwana wake. Ndiye ndabwera naye."

"Ife tidasudzula," anayankha a Maynard. "Manda athu ndi a mbumba yathu. Wosudzulidwa ndi wa kwawo, wamoyo kapena wakufa. Bwererani nayeni."

"Ndibwerere naye kuti, bambo?"

Adzukulu okumba manda anali pomwepo, koma sakanagwira khasu popanda mawu a mwini mbumba. Basi yopita ku Lilongwe inadutsa pakati, anthu a m'mawindo akusuzumira. Inadutsa lole ya feteleza, fumbi lake n'kugwera pabulangete. Ng'ombe zinkapukusa michira kuingitsa ntchentche. Dzuwa linakwera, munthu amene anakumba ngalande yolumikiza maiko awiri ali pamsewu, dziko lililonse likuti ndi wa linzake.

Tisungane anasiya kulira. Anapita kunyumba kwake n'kubwerako ndi khasu la mpini watsopano lija. Anawoloka msewu, nagwira chingwe cha ng'ombe m'manja mwa a Chrispine, n'kuikokera ngolo ku Malawi.

"Ukupita nayo kuti?" a Maynard anakuwa. "Kumanda sulowa!"

"Kumanda kwanu sindikupitako, omalume."

Anatsika nayo kanjira ka kudimba, anthu akutsatira m'mbuyo mwakachetechete. Anadutsa pakati pa zitsa za mapichesi, mawilo akuponda kachewere wofota, mpaka pa mtengo umodzi wotsala uja. Pamenepo anaimika ng'ombe, anamanga chitenje m'chiuno, n'kukweza khasu.

"Wapenga? Mkazi amakumba manda? Ndipo m'dimba? Dimba ili ndi langa!"

"Dimba ili lidali la agogo aakazi, lidapita kwa omayi, tsopano lili kwa ine. Inu ndinu woyang'anira, si mwini. Mwambo umene mumaukondawo ndi umene ukutero. Ndidakhala chete pamene ndimayenera kulankhula, ndidanyamula nkhuku ndi manja angawa. Lero ndiye ayi."

"Ukaika maliro muno, ndani adzadye za m'dimba muno? Waononga chakudya cha ana ako omwe! Ndipo iwe ndi ine tathana. Usadzandiitane paukwati kapena pamaliro."

"Pamaliro ndi pano, omalume, ndipo sindidakuitaneni."

Khasu linagwa pansi n'kudumpha. Dothi limene zaka zonse linkalimika ndi zala linali litauma gwa. Anamenyanso kachiwiri, kachitatu, fumbi lokhalokha. Amayi ena anagwira pakamwa, chifukwa chinthu choterocho chinali chisanaonekepo. Atamenya kachisanu, dzanja linagwira mpini kumbuyo kwake. Anali Geoffrey.

"Pita ukakhale ndi opongozi," anatero. Khasu analigwira zolimba.

"Geoffrey!" a Maynard analoza chala. "Iwe ndiwe mkamwini. Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa, bambo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikukumba kuti tsiku langa likadzafika, padzapezeke wondikumbira."

Mkulu wina wa ku Dedza, mmodzi wa akamwini ofedwa aja, anachoka n'kubwerako ndi piki. Wina anabwera ndi fosholo. Posakhalitsa pansi pa mpichesi panali amuna asanu ndi awiri, onse obwera, onse okwatira pamudzipo, akulandizana zida ndi a Chrispine a kutsidya. Eni mudzi anaima poteropo manja ali kumbuyo. A Maynard anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza kukalipa, koma aliyense ankayang'ana dzenje.

A Gracian anaikidwa dzuwa litapendeka, m'bokosi la matabwa a chitseko cha nyumba yawo yomwe. Panalibe kwaya, amayi ochepa okha ndi amene anayimba nyimbo imodzi. Dothi litakwiriridwa, Tisungane anatembenukira amalume ake, amene anali akadali chiimire pakati pa mizere ya kachewere wakufa.

"Mudati masabata awiri, omalume. Pano ndiye mudzawasudzule tione."

Anthu anabalalika. Ena panjira ankati mwana wamkazi uja ndi wolimba mtima, wawapezera bambo ake malo amene palibe adzawachotsepo. Tisungane anamva, koma sizinamutonthoze. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande youma n'kuyang'ana zikhatho zake zotupa ndi khasu. Malo amene bambo ake ankapempha anali a pakhonde, pakampando, akadali ndi mpweya. Ndipo ngakhale anazipukuta kangati pachitenje, m'zikhathomo ankamvabe kufunda kwa nkhuku ija.